Zomera Zosafuna Munthu

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana kumeneko, ndiponso kuti odwala anu akukupatsaniko mpata wopuma. Ife kuno tilipo. Musadzidzimuke poona kalata m'malo mwa foni, palibe maliro ndipo palibe amene wagonekedwa m'chipatala. Ndalemba chifukwa pa foni simundilola kumaliza mawu. Ndikangoti "Bambo," inu mwafunsa kale za mankhwala, za kuthamanga kwa magazi, za mchere m'ndiwo, ine n'kumangoti eya, eya, mpaka mayunitsi atha. Pepala silidula munthu pakamwa. Mnzanu wa kuntchito amene anabwera kutchuthi uja akunyamuka Lachisanu, ndipo wavomera kukutengerani kalatayi pamodzi ndi kabokosi ka machesi. Kabokosiko musatsegule musanamalize kuwerenga.

Funso lanu ndikulidziwa. Masabata atatu tsopano mukaimba Lamlungu, Bambo sabwera pa foni. Ulendo woyamba ndinati agona, wachiwiri ndinati ali kubafa, wachitatu ndinati apita kukametetsa. Pamenepo munakayika, chifukwa tonse tikudziwa kuti pamutu pa Bambo palibe choti wometa n'kugwira. Ndiyankha. Koma mundilole ndiyambire pa miphika ya maluwa, chifukwa ndikayambira kwina mupsa mtima musanamve zonse.

Mukukumbukira zimene munandiuza pa depoti tsiku limene munkabwerera. Panali patangopita mwezi chiikireni Amayi m'manda, ndipo Bambo anali atagwa kuseri kwa nyumba yawo, n'kugona pamenepo mpaka a Kalipentala oyandikana nawo aja anawapeza. Munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Kamvuluvulu, zina zonse uchite monga ufunira, koma chimodzi chokha: Bambo asabwerere kukakhala okha m'nyumba ija." Ndinalonjeza. Inu ndinu namwino, ndinu wamkulu, ine ndine telala chabe. Sindinaone chifukwa chotsutsira.

Nyumba yathu munangoiona pa zithunzi. Ndi zipinda ziwiri ndi pabalaza, pamwamba, masitepe makumi atatu ndi awiri kuchokera pansi. Khonde lake mukaponda kawiri mwafika kumapeto. Mukasuzumira pansi mumaona zingwe zoyanikira zovala za anzathu a nyumba ya pansi, kenako msewu, owotcherera zitsulo, ndi maminibasi oimba mahutala tsiku lonse. Mmenemo ndimo ndinaika munthu amene anagwira ntchito ya m'maluwa pa sukulu ija zaka makumi atatu ndi zinayi, munthu amene tambala ankalira iye ali kale ndi payipi m'manja.

Bambo sanadandaule, mukuwadziwa. Ankangoyenda. Kuchipinda, pabalaza, pakhonde, kubwerera. Nyuzi imodzi ankaipinda ndi kuipindula mpaka inang'ambika yokha. Ankasesa katatu pa tsiku, moti alamu anu anati tikapanda kusamala simenti itha tigwera kwa anzathu a pansi. Ndipo m'mawa uliwonse, ndikuwapatsa mapiritsi, funso linali limodzi: "Kodi ndimu ya amako ija akuithirira ndani?" Ndi kamtengo kaja Amayi anabzala pafupi ndi mpopi chaka chatha, kosabala n'komwe. Ndinkayankha kuti a Kalipentala, ngakhale sindinkadziwa. Ku shopu ndikamaponda makina ndinkamvabe mapazi awo m'mutu mwanga.

Ndiye ndinaganiza zowapangira munda. Pafupi ndi shopu yanga, m'mbali mwa msewu waukulu, pali mayi wina wogulitsa mbande ndi maluwa, tonse timangoti Mayi wa Maluwa. Ndinamufotokozera zonse. Ndinati khonde ndi laling'ono, dzuwa limawomba masana onse, madzi ku mpopi amabwera masiku atatu pa sabata, ndipo ine ndilibe nthawi. Achemwali, ndinamuuza za khonde, za dzuwa, za mpopi, koma za Bambo sindinatchule ngakhale liwu limodzi. Iye anandilozera tizomera ta masamba onenepa, tosunga madzi m'masamba mwake. Tina n'tozungulira ngati duwa lotuwa, tina tili ndi masamba ngati zala za khanda, tina n'ta mizere yoyera, tina timalendewera ngati mikanda, kuphatikizapo alovera amene mumamudziwa. "Izi ndiye zanu," anatero mayiyo. "Sizivuta. Sizifuna munthu." Ine ndinasangalala, ndinati ndapeza. Mpaka lero ndikakumbukira kusangalala kumeneko ndimachita manyazi.

Loweruka tinagwira ntchito tsiku lonse. Alamu anu anabweretsa zitini za penti kuchokera ku galaja kumene amagwira ntchito, anazitsuka n'kuziboola pansi kuti madzi azidutsa. Ndinatenganso beseni lothyoka khutu, makapu awiri osweka milomo, ndi tiyipoti ya Amayi ija ya maluwa abuluu imene inang'aluka pansi. Pansi pa chilichonse tinaika zidutswa za njerwa. Dothi tinasakaniza monga anatiuzira mayi uja: mbale ziwiri za mchenga wokhakhala, imodzi ya dothi lakuda, ndi makala ophwanya dzanja limodzi. Pamwamba timiyala toyera. Inakwana miphika khumi ndi isanu ndi iwiri, ina pansi, ina pa thabwa limene alamu anu anakhoma. Kunena zoona panakongola, moti anthu odutsa mumsewu ankakweza maso.

Bambo anaonerera ali pa mpando, zala zikungosewera pa mawondo. Titamaliza anadzuka, anatapa dothi pang'ono n'kulifikisa.

"Ili si dothi," anatero. "Uwu ndi mchenga womangira nyumba."

"Ndi mmene zimafunira, Bambo. Munda wanu ndi umenewu."

"Chabwino. Ntchito yake ndi yotani?"

"Kuthirira kamodzi pa masabata awiri, dothi likauma mpaka pansi."

"Kupalira?"

"Simumera udzu."

"Manyowa?"

"Sizifuna."

"Kudulira?"

"Ayi, Bambo. Kungoziyang'ana basi."

Anaziyang'anadi, mphika ndi mphika, kenako anati, "Ndiye wandibweretsera mabwana. Kunenepa chonsecho osagwira ntchito." Alamu anu anaseka mpaka kutsamwa, ndipo kuyambira tsikulo m'nyumba muno tizomerato timatchedwa mabwana.

Ine ndinaseka nawo, osadziwa kuti nkhani yayamba. Bambo anali atabwera ndi keni yawo yothirira ija, yachitsulo, imene anapatsidwa popuma ntchito. Tikangotuluka m'mawa ankaidzaza mu dilamu n'kuthirira mabwana onse. Madzulo tisanafike, kuthiriranso. Ndinadziwira kwa Mayi a Pansi, aja amakhala nyumba ya kunsi kwathu. Anakwera masitepe onse aja atanyamula nsalu ya pabedi yoyera, ili ndi mizere ya matope kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Anzanga," anatero akupuma mwabefu, "kodi kumwamba kuno mvula yayamba kale? Chifukwa kwathu ikugwa kawiri pa tsiku, yamatope, pa chingwe changa chokha."

Ndinapepesa, ndinachapa nsaluyo ndekha. Bambo ndinawauza mwaulemu kuti achepetse. Iwo anati dothi likumauma msanga, munthu wamtima sangaone chomera chili pa mchenga wotentha n'kungodutsa. Ndinabwerezanso kawiri, katatu. Ankavomera ndi mutu, ndikachoka n'kuthirira.

Masabata atatu oyamba mabwana anaoneka ngati akukondwa, ananenepa n'kuwala, ndipo Bambo ankandiyang'ana ndi diso lakuti waona. Koma chinali chikomekome cha mkuyu. Tsiku lina ndinakhudza tsamba limodzi, linangothothoka, lofewa, lamadzimadzi. Ndinagwira tsinde, linali lakuda, linaphwanyika m'zala zanga n'kutulutsa fungo. Mizu inali itawola kale. Pa sabata imodzi miphika isanu ndi inayi inatha, ndipo duwa lotuwa la mu tiyipoti ya Amayi linali litayamba kugwa khosi.

Apa ndiye pali tchimo langa loyamba. Ndinali nditatopa, kasitomala wina anali atandibwezera diresi, ndipo poona tiyipoti ija mtima unangondikwera. Ndinakalipira Bambo, Achemwali. Ine, mwana wawo wotsiriza, ndinawakalipira pakhonde anthu akumva. Ndinati, "Bambo, ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha, kuti musachite kanthu. Kodi kusachita kanthu n'kovuta?"

Iwo anayang'ana manja awo n'kunena motsitsa kuti, "N'kovuta, mwanangu."

Sindinamve. Ndinali ndisanathe kupsa mtima. M'mawa mwake ndinanyamula keni ija n'kukaitsekera ku shopu, pansi pa tebulo lodulira nsalu.

Masabata awiri otsatirawo Bambo anasiya kuyendayenda. Ankakhala pa mpando wa pa windo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mapiritsi ankamwa pa nthawi yake, osakakamizidwa. Makina oyezera magazi amene munatumiza aja ankaonetsa manambala okoma, ndipo Lamlungu lina munandiyamikira kuti ndikuwasamala bwino. Za ndimu anasiya kufunsa. Chakudya ankangochilawa n'kukankha mbale. Alamu anu, amene salankhulalankhula za m'banja mwathu, anandiitanira kukhitchini n'kunena kuti, "Galimoto yongoima imawonongeka msanga kuposa yoyenda. Madalawa akutha." Ndinawayankha kuti asamale za magalimoto awo. Koma ndinkaona ndekha kuti lamba wa Bambo wasuntha bowo.

Lachinayi lina ndinabwera masana kudzatenga ulusi umene ndinaiwala. Ndinapeza chitseko chokhoma, m'nyumba muli zii. Masilipasi a Bambo ali pakhomo, koma nsapato zawo zakuda palibe, chipewa palibe. Pakhonde tiyipoti ya Amayi palibenso. Ndinatsika masitepe aja sindikudziwa bwanji. Mayi a Pansi anati anawaona akutuluka cha m'ma teni atakumbatira kanthu. Ndinathamangira ku depoti, ndinafunsa makondakitala onse. Ndinapita ku chipatala chaching'ono cha kuseri kwa msika. Alamu anu anasiya galimoto ya munthu ili pa jeke n'kuyamba kuzungulira misewu. Nthawi yonseyo m'makutu mwanga munali mawu anu a pa depoti aja, ndipo ndinkangoganiza kuti ndidzakuuzani chiyani.

Ndinawapeza ndikubwerera ku shopu, nditataya mtima. Anali kwa Mayi wa Maluwa, atapinda buluku mpaka m'mawondo, nsapato zakuda zili pa mwala, keni ya mayiyo m'dzanja ili, ina m'dzanja linalo, akuyenda pakati pa mizere ya mbande. Thukuta lili chuchuchu. Ankang'ung'udza kanyimbo kaja ankaimba akamatchetcha kapinga, kamene sindinakamve chimwalirireni Amayi. Ndinaima tsidya la msewu, mawu okalipa amene ndinawakonza njira yonse anangosungunuka.

Mayi wa Maluwa atandiona anati, "Awa ndi bambo anu? Nanga mumawasunga kuti masiku onsewa? Angofika lero, andiuza kale chimene chikudya maluwa anga ofiirawa, chimene ine chandisowetsa tulo chaka chathunthu." Kenako anatsitsa mawu. "Koma inunso, mayi telala. Munandiuza za khonde ndi za mpopi. Mukanandiuza kuti ndi za munthu ngati uyu, ndikanakupatsani tomato."

Bambo anali atabwera kudzafunsa ngati duwa la mu tiyipoti lingapulumuke. Mayiyo anawaonetsa ine ndili pomwepo. Anazula chomeracho, anatenga lezala yatsopano n'kudula tsinde pamwamba pa powola, pamene panali poyera. Mutuwo anauika pa nyuzi, pamthunzi. Anati ukhale pamenepo masiku asanu, wopanda dothi, wopanda madzi, mpaka bala liume, kenako auike pa dothi louma. Masamba a m'munsi amene anali olimba anawathothola bwinobwino, n'kunena kuti nawonso akauma bala awagoneke pamwamba pa dothi, osawakwirira, osawathirira, adzatulutsa mizu okha.

Bambo anapukusa mutu. "Zaka makumi atatu ndi zinayi," anatero, "sindinamvepo kuti chodula uchisiye pa nyuzi. Ife tinkati ukadula, thamangira nacho ku madzi."

"Izi ndi zina, agogo. Mukazichitira chifundo mwazipha."

"Ndaona," anatero Bambo, n'kundiyang'ana ine. Sindikudziwa ngati ankatanthauza kanthu. Ine ndinayang'ana kumbali.

Tchimo lachiwiri ndi ili: ndinawabwezera keni yawo, ndipo ndinawalola kuti azipita kwa Mayi wa Maluwa katatu pa sabata, kuwoloka msewu waukulu okha. Inu sindinakuuzeni. Anayambanso kudya, mpaka kupempha zowonjezera. Ndipo mabwana anawatenga ngati ophunzira ovuta amene alumbira kuti awakhozetsa. Anakhuthula miphika yonse yowola, anayanika dothi padzuwa, anadula zodulika. Anaphunzira kupisa chala m'dothi mpaka chala chonse chilowe, akamva kachinyezi ngakhale pang'ono n'kubweza keni. Ndinkawaona akulimbana nako kubwezako, dzanja likufuna, mutu ukukana. Tinsabwe toyera tikagwira kunsi kwa masamba ankatipukuta ndi thonje lonyika mu sipiriti, kamodzikamodzi, atavala magalasi. Lolemba lililonse ankatembenuza miphika kuti zomera zisapendekere mbali imodzi. Kachomera kamodzi kamene ndinakaika pa shelefu pabalaza kuti kakongoletse nyumba anakatulutsa, anati katalika n'kuwonda chifukwa chofunafuna dzuwa. Madzi ankathira pang'onopang'ono m'mbali, mbale ili kunsi, moti Mayi a Pansi anabwera kudzafunsa ngati kumwamba kwagwa chilala.

Masamba othothola aja anawandanda pa thireyi yakale, khumi ndi limodzi. Masiku khumi sipanaoneke kanthu. Ine ndinati afa, titaye. Bambo anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha si mphatso imene Mulungu anapatsa Kamvuluvulu. M'mawa wina anandiitana ndili ndi mswachi m'kamwa. Kumapeto kwa tsamba limodzi kunali timizu tiwiri tofiirira, toonda kuposa ulusi wanga, ndi kamutu kakang'ono ngati njere ya mpunga. Bambo anaseka mpaka kuoneka usinini wonse. Mumtima ndinati basi, ndapambana, munda wagwira, munthu wakhazikika, lonjezo langa kwa Achemwali lasungika.

Lamlungu lotsatira, mutangomaliza kuimba foni, anandiitanira pakhonde. Anandiuza kuti ndikhale pa mpando wawo, iwo anaima.

"Mabwana ako achira," anatero. "Kuyambira pano akufuna kapu imodzi pa masabata awiri. Zimenezo ngakhale mwamuna wako angathe."

"Ndiye bwino, Bambo. Mwagwira ntchito."

"Ndagwira, yatha. Mayi uja ananena zoona, izi sizifuna munthu. Koma ndimu ya amako ikufuna munthu. Ndinalankhula ndi a Kalipentala pa foni ya mayi uja. Akuti masamba apotana, ena ayoyoka. Amathirira akakumbukira, ndipo sindingawadzudzule, si mtengo wawo. Mvula ili kutali. Ikafika idzapeza nkhuni."

Ndinati Achemwali anakana. Ndinati nanga mukakagwanso?

"Ndikagwa ndidzagwa. Ngakhale kuno ndikhoza kugwa, masitepe ako ndawawerenga, ndi makumi atatu ndi awiri." Anachotsa tsamba louma pa alovera. "Iwe ndi mkulu wako ndinu ana abwino. Miyezi isanu ndi umodzi mwandifunsa tsiku ndi tsiku ngati ndamwa mankhwala, ngati ndadya, ngati ndagona bwino. Palibe anandifunsapo kuti Bambo, lero mwachita chiyani. Ndipo munachita bwino osafunsa, chifukwa ndikanasowa choyankha. Amako anabzala mtengo uja akudziwa kuti sadzadya zipatso zake. Anandiuza kuti ndiusamale. Ndi ntchito yokhayo imene anandisiyira."

Sanapemphe, sanakalipe. Anangoti, "Ukamufunse mkulu wako. Akakana, ndikhala."

Achemwali, masiku atatu ndinasoka zokhota. Malaya a munthu ndinalumikiza mkono mozondoka, ndinasula, ndinalumikizanso mozondoka. Foni ndinaitenga kangapo kuti ndikuimbireni, koma ndinkadziwa yankho lanu, ndipo ndinkadziwa kuti yankholo likhala lanzeru, la manambala, loti sindingathe kulitsutsa. Ndinkadziwanso kuti Bambo akalimva adzakhaladi, adzabwerera pa mpando wa pa windo uja, ndipo sadzafunsanso za ndimu.

Tchimo lachitatu ndi lalikulu, ndipo ndi limene landilembetsa kalatayi. Lachitatu madzulo ndinawauza kuti ndakufunsani, ndipo mwavomera.

Bambo anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Anati, "Mwana uja ali ndi mtima wa amake. Amakalipa, koma amamva." Ine ndinathawira kukhitchini.

Ndinawaperekeza ndekha Loweruka, masabata atatu apitawo. Titatsika basi n'kufika pakhomo, sanatsegule n'komwe chitseko. Anandipatsa makiyi, anazungulira kuseri ali ndi nsapato zakuda ndi jekete la ulendo. Kamtengo kaja kanali katayoyoka theka, nthaka yake itang'ambika. Anagwada, anakanda khungwa ndi chikhadabo, m'kati munali mobiriwira. "Ilipo," anatero. Anavula jekete n'kundipatsa, anatsegula mpopi. Ndinasesa nyumba yonse, ndinayala bedi, ndinaphika, iwo adakali kuseri, akukumba kambiya kozungulira tsinde ndi kuphimbira ndi udzu.

Musaganize kuti ndinangowataya. Akazi a Kalipentala amawasuzumira m'mawa ndi madzulo, ndipo ali ndi nambala yanga. Ndinawagulira foni ya mabatani akuluakulu, imene imakhala m'thumba la malaya, ndinasokapo zipi kuti isagwe. Mapiritsi ndinawaika m'kabokosi ka masiku asanu ndi awiri monga munandiphunzitsira. Alamu anu analumikiza payipi yaitali kuti asamanyamule ndowa. Ndizipita Loweruka lachiwiri la mwezi uliwonse. Ndikudziwa kuti zonsezi n'zosakwanira. Ndikudziwa kuti akhoza kugwa nthawi ya masana, akazi a Kalipentala ali kumsika, n'kugona pamenepo monga kale. Zikadzatero mlandu udzakhala wanga ndekha, ndipo simudzafunika kundiuza. Ndili ndi mantha, Achemwali. Foni ikalira ku shopu singano imandibaya.

Ndipo mungaseke mutaona amene akuyendayenda m'nyumba muno tsopano. Kuchipinda, pabalaza, pakhonde, kubwerera. Keni yawo anaisiya kuno, anati ndi mphatso yanga. Ndikaweruka ndimapezeka ndaima nayo pakhonde, yodzaza, popanda choti ndithirire. Ndimapisa chala m'miphika kasanu pa tsiku kufuna chifukwa. Dzana alamu anu anandilanda keniyo n'kukaitsekera ku galaja, akuti aona kale mmene matendawa amathera. Bambo amaimba madzulo alionse, ndipo ndaphunzira kufunsa kuti lero mwachita chiyani. Yankho lake limatha mayunitsi. Dzulo anati ndimu yatulutsa timasamba tinayi tatsopano, ndipo abzala tomato.

Tsopano tsegulani kabokosi ka machesi. Muli tsamba limodzi pa thonje, lochokera ku duwa lotuwa la mu tiyipoti ya Amayi. Mukaliyang'anitsitsa kumapeto muona timizu. Ulendo silingauope, limatha masabata osamwa. Bambo analisankha okha m'mawa wa tsiku lonyamuka, anati ndi labwino koposa pa thireyi yonse, ndipo anandiuza mawu oti ndikuuzeni, ndawalemba monga anawanenera: "Ukamuuze mkulu wako aligoneke pamwamba pa dothi la mchenga, pa windo lowala. Asalikwirire. Asalithirire mpaka tsamba lakale litafota lokha. Ndikumudziwa, manja adzamuyabwa. Apirire."

Ngati mukufuna kundikalipira, imbani pa nambala yanga, ndidzakhala chete mpaka mumalize, ndipo sindidzati mayunitsi atha. Ngati munena kuti ndikawatenge, ndidzapita, chifukwa ndinalonjeza ndipo ndinaphwanya. Koma mudzawauze nokha, ine pakamwa panga sipangathe.

Mundiperekere moni kwa ana, muwauze kuti mayi awo aang'ono sanaiwale miyeso yawo, ngakhale ndikudziwa kuti apitirira kale. Alamu anu akupereka moni, akuti iwo m'nkhaniyi anangoboola zitini. Mayi a Pansi akuti moni, nsalu zawo zikuuma zoyera. Mayi wa Maluwa sakukudziwani koma akuti moni, ndipo akufunsa kuti agogo adzabwera liti kudzaona maluwa ake ofiira.

Moni wa Bambo ndausunga masabata atatu osaupereka. Anaupereka ali pa mpopi, manja ali matope, pamene ndinkatsanzika. Anati, "Ukamuthokoze mwana wanga pondilola kubwera kwathu." Nambala yawo ndailemba kuseri kwa pepalali. Mukaimba cha m'ma faifi mudzawapeza atamaliza kuthirira. Asanayankhe za mankhwala adzayamba ndi kukuthokozani, ndipo chimene mudzawayankhe ndachisiya m'manja mwanu.

Ndine mng'ono wanu wosamva,

Kamvuluvulu